Zolemba za kalasi yathu ya Chingerezi ku Area 25: Januwale mpaka Ogasiti

Januwale, sabata yachiwiri

Kalasi ya Chingerezi ya anthu obwera kumene mumzinda yayamba. Tikukumana m'chipinda cha Sande sukulu pa tchalitchi china kufupi ndi msika wa Nsungwi, Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, kenaka Loweruka m'mawa. Akuluakulu ampingo atibwereka chipindacho ulere, bola tizisesa ndi kubwezera mabenchi m'malo mwake tikaweruka. Ophunzitsa tilipo anayi, tonse ongodzipereka: ine, mayi wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi wa ku pulayimale amene aliyense amangowaitana kuti amadamu, mnyamata amene wamaliza kumene maphunziro a uphunzitsi ndipo akudikira kulembedwa ntchito, ndi mtsikana wogulitsa m'sitolo ya mankhwala. Ine ndi amene ndapatsidwa udindo wolemba momwe zinthu zikuyendera, kuti ena ofuna kuyambitsa zotere kwawo apeze poyambira.

Chatichititsa n'chodziwikiratu kwa aliyense wokhala kuno. Chisamukireni likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, Lilongwe sanasiye kulandira anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno, ndipo wina aliyense akuona kuti nyumba zikumangidwabe ku Mgona, ku Mtandire, ku Chinsapo ndi ku Kauma. Amene alembetsa kwa ife ndi ochokera ku Dowa, Ntchisi, Kasungu ndi Dedza, ena ku Mzimba ndi Karonga, ena ku Mangochi. Alipo mabanja awiri amene anachoka ku Phalombe namondwe wa Freddy atawagwetsera nyumba mu Malichi 2023. Kumudzi munthu amatha moyo wake wonse ndi chilankhulo cha makolo ake osavutika. Kuno fomu ya ku banki ili m'Chingerezi, chikwangwani cha ntchito pa geti ku Kanengo chili m'Chingerezi, uthenga wobwera pafoni ndi malangizo a pa botolo la mankhwala chimodzimodzi.

Polembetsa sitinapereke mayeso. Munthu wamkulu amene anasiyira sukulu sitandade 4 ukamuonetsa pepala la mayeso tsiku loyamba, tsiku lachiwiri sumuonanso. M'malo mwake timakhala naye pansi n'kumufunsa funso limodzi: ndi pati pamene Chingerezi chinakutsekerezani njira posachedwapa? Mayankho ndawalemba onse m'kope. Bambo wina wa kabaza anati anakweza mlendo, sanamvane za kolowera, mlendoyo anatsika pakati panjira. Mayi wina anasaina kalata ya ku sukulu ya mwana wake osadziwa kuti ikunena za kumubwereza kalasi. Mnyamata wina anafika pa mayeso a ntchito ya ulonda, mafunso onse anawamva, koma pakamwa panakana kutseguka. Kope limeneli ndiye likhala silabasi yathu.

Januwale, kumapeto

Tawagawa anthu patatu. Gulu lalikulu ndi la amene amamva Chingerezi pang'ono ndipo amatha kuwerenga, koma salankhula. Gulu lachiwiri ndi la oyamba kumene, odziwa kuwerenga Chichewa chokha. Gulu lachitatu sitinaliyembekezere: amayi angapo ndi agogo aamuna amodzi amene sadziwa kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo chilichonse.

Amadamu anakana kuti awa aziyamba ndi zilembo za Chingerezi, ndipo ndikugwirizana nawo. Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera. Ukadziwa a, e, i, o, u ndi maphatikizo ake, wayamba kuwerenga. Chingerezi sichitero, chilembo chimodzi chimatha kumveka mosiyanasiyana. Kumuyambitsa munthu kuwerenga m'chilankhulo chimene sachimva n'kumusenzetsa katundu pawiri. Choncho gululi lizichita ngati sukulu ya kwacha, kuwerenga ndi kulemba m'Chichewa, koma lizibwera nawo ku macheza a Loweruka kuti Chingerezi cha pakamwa chizilowa m'makutu.

Febuluwale, sabata yoyamba

Mvula ikagwa pa malata a chipindachi, mawu a mphunzitsi samveka. Magetsi akazima, bolodi silioneka. Tasuntha nthawi yoyambira kuti ikhale 4 koloko, ndipo tagula nyale imodzi ya sola. Mvula ikakula timasiya zolankhula n'kugwira zolemba, ikakata timabwerera.

Febuluwale, pakati

Macheza a Loweruka atipatsa mkangano woyamba pakati pa ife ophunzitsa, ndipo ndiulemba mokwanira chifukwa ndikukhulupirira kuti ntchito yonseyi yagona pamenepa.

Mnzathu wachinyamata uja amafuna lamulo lakuti munthu akangolowa pakhomo, Chichewa chatsala panja, ndipo wochilankhula aziponya kangachepe m'chitini. Maganizo ake ndi omveka: anthuwa amalankhula Chichewa sabata yonse, ndiye maola awiri okhawa tisawaononge. Koma Loweruka limene tinayesa lamuloli, chipinda chinangoti zii. Amene analankhula ndi atatu okha, omwe ajawa amene amalankhula kale. Ena onse anangoyang'ana pansi, kumwetulira, kudikira nthawi yoweruka.

Ambiri a ife tinakulira m'sukulu momwe kulankhula chilankhulo cha kwanu kunali mlandu. Ena ankavekedwa chikwangwani m'khosi, ena ankatchetcha kapinga. Chotsatira chake ndi anthu amene amamva Chingerezi koma amachiopa, chifukwa m'mutu mwawo chinalumikizana ndi kusekedwa. Komanso si onse amene Chichewa ndi chawo chobadwira. Kuyambira 1968 pamene chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, mwana wa ku Mzimba kapena ku Karonga wakhala akukumana ndi zilankhulo ziwiri zachilendo pa sukulu. Mu 1994 pulayimale itakhala yaulere, ana anadzaza m'makalasi, mphunzitsi mmodzi pa ana osawerengeka, moti mwana amatha kufika sitandade 8 asanapatsidwepo mpata woyankha funso mokweza m'Chingerezi. Mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira sitandade 1, koma makolo awo, amene ali pa mabenchi athuwa, sanathandizidwe kuti aziwathandiza anawo kunyumba. Anthuwa si mbuli. Vuto lawo lalikulu ndi manyazi, ndipo manyazi sachizidwa ndi chindapusa.

Tagwirizana izi. Palibe chilango. Munthu akasowa mawu ali ndi ufulu wofunsa m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, mnzake wapafupi amuuze, kenaka abwereze chiganizo chonse m'Chingerezi. Sitikhalanso moyang'ana bolodi. Timakhala atatuatatu, chifukwa pamaso pa anthu awiri munthu amalimba mtima kusiyana ndi pamaso pa chipinda chonse. Mphunzitsi asakonze munthu ali pakati pa chiganizo. Alembe cholakwikacho pa kapepala, tidzachikambirane pamapeto osatchula mwini wake. Ndipo wosekerera mnzake timamuitanira pambali. Mnzathu uja anavomera, ngakhale anapempha kuti mphindi khumi zomaliza zizikhala za Chingerezi chokhachokha. Tamulola, ndipo zikuyenda bwino chifukwa pofika nthawi imeneyo malilime amakhala atamasuka.

Febuluwale, kumapeto

Chinthu chimodzi chimene chawasangalatsa ophunzira ndi kuzindikira kuti sakuyambira pa chabe. Tinawapempha kuti atchule mawu a Chingerezi amene amagwiritsa kale ntchito tsiku ndi tsiku. Manambala, mitengo ya zinthu pamsika, nthawi, mayina a miyezi, zipangizo za njinga, zonsezi Mmalawi amazinena m'Chingerezi kale. Bolodi linadzaza mbali zonse. Agogo aja anaseka, amvekere, "Ndiye kuti ine ndinayamba kale sukuluyi ndisakudziwa!"

Pa zokonza, sitithamangira chilichonse. Kusakaniza l ndi r kapena kuwonjezera i kumapeto kwa mawu sitikulimbana nako kwambiri, chifukwa womvera amamvabe. Timalimbikira pamene kulakwitsa kumasintha nkhani. Manambala monga 13 ndi 30, 15 ndi 50, amamveka mofanana m'Chingerezi, ndipo apa munthu angathe kuluza ndalama kapena kumwa mankhwala molakwika. Tatha sabata yathunthu pa zimenezi, wina akutchula mtengo, wina akulemba. Kwinanso ndi pa "he" ndi "she": ife timangoti iye kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, ndiye wofotokoza nkhani kupolisi kapena kuchipatala akasakaniza, womvera amasokera kuti wachita ndani. Chachitatu ndi kusiyanitsa zachitika kale ndi zimene zichitike. Galamala yotsalayo idikire.

Malichi

Mwezi uno kwabwera anthu amene sitinawaganizire poyamba: amayi awiri a ku Congo, bambo wa ku Burundi, ndi mnyamata wa ku Mozambique, wa ku Angonia. Mnyamatayu Chichewa ndi chake ngati ife, kungoti sukulu anaphunzira m'Chipwitikizi. Enawo amalankhula Chiswahili, Chifalansa ndi Chirundi.

Ophunzira ena anang'ung'udza. Wina anandifunsa pambali kuti, "Aphunzitsi, kodi amenewa si a ku Dzaleka? Sititengerapo milandu?" Funsoli lili ndi pochokera. Kampu ya Dzaleka ku Dowa inatsegulidwa mu 1994, inakonzedwera anthu ochepa koma lero muli oposa 50,000, ndipo mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo amene amakhala m'matauni abwerere kukampu. Anthu kuno akukumbukirabe magalimoto apolisi a nthawi imeneyo. Tinakambirana ndi akuluakulu ampingo komanso amfumu a dera lino. Mfundo yathu ndi iyi: ife si ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Si mlendo aliyense ali wothawa kwawo. Ena ali pabanja ndi Amalawi, ena ali ndi zilolezo zawo. Sitifunsa chitupa kwa Mmalawi, sitifunsanso kwa mlendo. Timalemba dzina limene munthu akufuna kuti tizimuitanira, basi.

Chimene tazindikira n'chakuti alendowa akufuna Chichewa kuposa Chingerezi. Pamsika, mu minibasi, pa mjigo, pamaliro, Chingerezi sichiwathandiza. Tatenga theka la ola loyamba Loweruka kuti likhale la Chichewa, ndipo aphunzitsi ake ndi amayi a gulu lachitatu aja, amene akuphunzira kumene a, e, i, o, u. Ndikanakonda mukanaona momwe anakhalira tsiku loyamba. Mayi amene kwa miyezi iwiri sanatulutsepo mawu mokweza anaimirira n'kuyamba kuphunzitsa kupereka moni kwa munthu wamkulu, kupepesa pamaliro, ndi kunenerera mtengo wa tomato. Nthawi ya Chingerezi itakwana, anali iwo woyamba kuyesa. Munthu akaona kuti nayenso ali n'chopereka, saopa kulandira.

Phindu lina n'lakuti pakati pa mayi wa ku Congo ndi mayi wa ku Ntchisi, Chingerezi chimakhala chofunikadi pamene Chichewa cha mlendoyo chathera. Kucheza kwa awiriwa sikukhala sewero ayi.

Epulo

Anthu achepa pafupifupi ndi theka. Msika wa fodya watsegulidwa ku Kanengo, ndipo abambo ambiri apeza maganyu osenza mabelo ku okushoni ndi ku mafakitale okonza fodya. Amayi enanso apita kumudzi kukakolola chimanga. Palibe wolakwa apa. Munthu sangasiye ganyu kapena munda chifukwa cha kalasi.

Tayesa njira ziwiri kuti asaiwale. Tatsegula gulu la pa WhatsApp momwe timatumiza mawu ojambula aafupi, funso limodzi patsiku, munthu n'kuyankhanso ndi mawu. Kwa amene ali ndi mafoni otere zikuyenda, ndipo ena amanyazi akulankhula bwino pafoni kusiyana ndi pamaso. Koma ambiri ali ndi timafoni ta mabatani, ndipo ena bandulo imawathera. Kwa amenewa takonza pepala limodzi la ziganizo makumi awiri zoti apite nalo m'thumba, komanso tawalumikiza awiriawiri potengera kumene amakhala kapena kumene amagwira ntchito. Anyamata awiri osenza mabelo akuti amafunsana mafunso a papepalalo pa nthawi ya nkhomaliro.

Chaka chamawa tidzakonza kalendala yathu potsata nyengo: zinthu zatsopano Januwale mpaka Malichi, kubwereza Epulo ndi Meyi, kuyambanso zatsopano Juni.

Epulo, kumapeto

Za mabuku. Tilibe buku la ophunzira, ndipo mabuku a pulayimale amene tinabwereka akuluakulu sakuwakonda chifukwa nkhani zake ndi za ana. Tikugwiritsa ntchito zimene anthu amakumana nazo: mafomu osalemba a ku banki, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, thumba la feteleza, malisiti, ndi nyuzipepala zakale za The Nation ndi The Daily Times zimene anthu akufuna kwabwino akutipatsa. Masamba a zotsatsa ntchito ndi a mpira ndi amene amalimbiranidwa. Tawalimbikitsanso kumvera nkhani pa wailesi kawiri, za Chichewa kenaka za Chingerezi, poti MBC ndi Zodiak zimaulutsa m'zilankhulo zonse ziwiri. Ukadziwa kale nkhaniyo, mawu achilendo amagwirika msanga.

Ena tinapita nawo ku laibulale ya National Library Service ku City Centre. Ambiri sankadziwa kuti munthu wamba angathe kulowamo. Amadamu anapeza njira yothetsera manyazi a mabuku a ana: anawauza amayi kuti atenge kabuku kakang'ono akawerengere ana awo madzulo. Ukamawerengera mwana, palibe amene angakuseke kuti buku n'lachibwana.

Meyi

Mwezi wonse tauthera pa Chingerezi cha kuntchito, poyambira pa tsiku la apantchito la pa 1 Meyi. Ambiri mwa ophunzira athu akufuna ntchito ya m'nyumba, ya ulonda, ya kudimba la maluwa kapena yoyendetsa galimoto ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, kumene kumakhala ogwira ntchito ku maofesi a akazembe ndi mabungwe. Timachita timasewero: wina akhale bwana, wina wofuna ntchito, kenaka asinthane.

Apa tapeza chinthu chozama kuposa mawu. Mwambo wathu umati wamkulu akamalankhula uyang'ane pansi, uvomere, usamubwezere funso. Ndi ulemu wabwino, ndipo sitikufuna kuuchotsa. Koma bwana wochokera kunja akamva "yes" amaganiza kuti wamva zonse, pamene iwe umangosonyeza ulemu. Mawa lake ntchito ikalakwika amati ndiwe wabodza kapena waulesi. Mayi wina anatiuza kuti anachotsedwa ntchito m'njira imeneyi: anauzidwa kuti chovala china asachisite, iye anangomva mawu akuti kusita, anavomera, n'kuchiotcha. Choncho chiganizo chimene tabwereza kuposa china chilichonse ndi chopempha munthu kuti anenenso pang'onopang'ono, kenaka kubwereza wekha zimene wamva kuti iye atsimikize. Poyamba ophunzira ankati kutero ndi mwano. Amadamu anangowayankha kuti safunsa anadya phula, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Sindikufunanso kuti kalasi yathu izitulutsa anthu odziwa kuvomera kokha. Taphunzitsa kufunsa za malipiro, tsiku lolandirira, tsiku lopuma, ndi chochita munthu akadwala. Lamulo la za ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limafuna kuti wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo apereke kwa wantchito mfundo za mgwirizano wawo zolembedwa, ndipo boma limakhazikitsa malipiro otsikitsitsa. Ambiri samadziwa zimenezi, ena amadziwa koma alibe mawu ofunsira mwaulemu. Tinalemba pa bolodi chitsanzo cha kalata ya mgwirizano n'kuiwerenga mzere ndi mzere. Lamulo la m'kalasi mwathu pano n'lakuti osasaina pepala lomwe sunalimve; pempha upite nalo kunyumba, ubwere nalo Lachiwiri tidzawerengere limodzi. Makalata atatu abwera kale motero, ndipo imodzi inali ndi mfundo yodula malipiro pa mbale iliyonse yosweka. Mwini wake anakakambirana ndi abwana ake, mfundoyo inachotsedwa.

Mtsikana wa m'sitolo ya mankhwala uja anatenga Lachinayi limodzi kuphunzitsa kuwerenga malangizo a mankhwala: kangati patsiku, musanadye kapena mutadya, tsiku lothera mphamvu. Anthu apempha kuti phunziroli libwerezedwe.

Juni, sabata yoyamba

Kwazizira, ndipo amene anapita kokolola abwerera. Kwabweranso achinyamata amene analephera Chingerezi pa mayeso a MSCE ndipo akufuna kulembanso. Chisoni chimandigwira, chifukwa popanda kukhoza Chingerezi satifiketiyo suipeza ngakhale maphunziro ena utakhoza bwino. Komabe tawauza zoona kuti ife sitiphunzitsa za mayeso. Apite ku masukulu amadzulo a sekondale kumene amatsata silabasi. Tawalola kubwera Loweruka ngati otsogolera timagulu ta atatu tija. Iwo akupindula pa kulankhula, ife tapeza manja owonjezera.

Juni, pakati

Nkhani ya ndalama. Choko, mapepala ndi fotokope takhala tikugula ndi ndalama za m'matumba mwathu, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya mapepala siikhazikika. Ophunzira eni ake ndi amene anabweretsa ganizo loti azisonkha. Taika chitini pakona, aliyense aziponya chimene angathe, popanda kulemba mayina, kuti wosowa asachite manyazi n'kusiya kubwera. Msungichuma anasankhidwa pakati pa ophunzira, mayi amene amasunga kale ndalama za banki mkhonde ya kwawo, ndipo amawerenga ndalamazo pamaso pa onse kumapeto kwa mwezi. Amaziwerenga m'Chingerezi, ndiye limakhalanso phunziro.

Mafunso awiri amabwera kawirikawiri kwa olembetsa atsopano. Loyamba ndi lakuti kodi pali alawansi, poti anthu anazolowera kuti maphunziro a mabungwe amakhala ndi kenakake kobwerera nako. Timayankha poyera kuti palibe, ndipo ena sabweranso. Lachiwiri ndi la satifiketi. Ili ndi lovutirapo, chifukwa pepala limathandizadi pofuna ntchito. Koma ife si sukulu yolembetsedwa, ndipo kusindikiza chipepala chokongola chooneka ngati cha boma kungakhale kunamiza ophunzira ndi owalemba ntchito omwe. Tagwirizana kuti tizipereka kalata wamba, yonena miyezi imene munthu wakhala akubwera ndi zimene angathe kuchita, monga kuyankha foni, kulemba fomu, kapena kulandira uthenga n'kuupereka molondola. Tizilemba zokhazo zimene tamuona akuchita ndi maso athu.

Julayi

Zinthu zitatu zokhudza amayi ndi zipembedzo.

Amayi oyamwitsa amabwera ndi ana kumbuyo, ena ndi ana oyenda kale. Tayala mkeka pakhonde, ndipo amayi amasinthana kuyang'anira ana, wina lero, wina Lachinayi. Amene ali pa mkeka tsiku limenelo amauzidwa zomwe zaphunziridwa ndi mnzake pobwerera kunyumba.

Mayi wina waluso kwambiri anasiya kubwera chifukwa amuna awo sankafuna kuti azifika kunyumba kutada. Amadamu anapita kukacheza nawo pamodzi ndi mayi busa. Sanapite kukakangana, anakafotokoza zimene timachita ndipo anawaitana bambowo kuti adzaone okha. Anabwera Loweruka lina, anakhala kumbuyo manja ali pachifuwa, kenaka anapezeka akuyankha nawo mafunso. Pano mayiyo akubwera Loweruka lokha, ndipo tikuganizira zotsegula kalasi ya m'mawa pakati pa sabata, poti amayi ena angapo ali ndi vuto lomweli koma sananene.

Ophunzira achisilamu ochokera ku Mangochi anali ndi nkhawa yolowa pa tchalitchi. Tinawatsimikizira kuti m'kalasi simulalikidwa, ndipo ampingo anavomereza zimenezi popanda vuto. Pemphero lotsegulira timasinthana, kapena aliyense amapemphera chamumtima. Mmodzi wa iwo wabweretsa achibale ake awiri sabata ino.

Julayi, kumapeto

Tinafuna kudziwa ngati anthu akupitadi patsogolo, koma osalemba mayeso. Tinabwerera ku kope la mu Januwale lija n'kumupatsa aliyense ntchito yofanana ndi imene inamukanika. Ofuna za ku banki analemba fomu yosungitsira ndalama popanda thandizo. Ofuna za ulonda anayankha mafunso kwa munthu wachilendo amene tinamuitana, wosadziwana nawo. Ena anaimba foni kufunsa mtengo wa katundu n'kulemba yankho. Bambo wa kabaza anafotokoza njira yochokera ku Nsungwi kukafika ku depoti ya mabasi ku Old Town, mokhota monse, ndipo tinamva tonse.

Zotsatira zake n'zosakanikirana. Pa kulankhula ndi kumva, ambiri asintha kwambiri, makamaka amene sajomba Loweruka. Pa kulemba tikadali kumbuyo. Ziganizo zawo zokha zikuvutabe, ndipo masipelo ndi nkhondo. Gulu lachitatu likuwerenga timawu ta Chichewa, ndipo onse akulemba mayina awo m'malo modinda chala. Amene anapita ku fodya kapena kokolola atsalira poyerekeza ndi anzawo, koma amene anali awiriawiri sanabwerere m'mbuyo ngati amene anali okha.

Alipo ena amene anasiyiratu ndipo sitikudziwa kumene ali. Anthu a lendi amasamuka kawirikawiri, nambala za foni zimasintha. Kuyambira pano tizilemba nambala yachiwiri ya mnansi kapena mnzawo wa m'kalasi.

Ogasiti

Mnzathu wachinyamata waitanidwa kukayamba ntchito ya uphunzitsi ku boma lina, ndipo anyamuka sukulu zisanatsegulidwe. Takondwera naye, koma gulu la oyamba kumene latsala lopanda mwini. Ophunzira awiri a gulu lalikulu, mayi mmodzi ndi bambo mmodzi, avomera kuliyang'anira Lachiwiri, amadamu akuwaunikira. Sabata ino ayamba kuphunzitsa mphindi khumi ndi zisanu aliyense mnzathuyo asanachoke, kuti awaone ndi kuwakonza.

Anthu a ku Mgona apempha kuti titsegule gulu kwawo chifukwa kuyenda madzulo kukuwavuta. Atatu otsalafe sitingakwanitse makalasi awiri. Tawayankha kuti tiyambe ndi macheza okha, kamodzi pa sabata, ngati apeza malo ndi anthu awiri oti tiwaphunzitse kutsogolera. Amfumu akumeneko alonjeza kuyankha mwezi uno usanathe.

Chipinda tachipempha kale mpaka Disembala. Kalasi ya m'mawa iyamba Lachitatu loyamba la Sepitembala ngati ampingo atilola, ndipo ndi ine ndidzaitenge. Mu Sepitembala ndi Okutobala tiika mtima pa kulemba: uthenga wa pafoni, kalata yopempha ntchito, ndi kalata yopita kwa aphunzitsi a mwana. Tikufunabe bolodi lachiwiri, nyuzipepala zakale, ndi munthu mmodzi wodziwa Chiswahili amene angamabwere Loweruka. Olembetsa atsopano tiwalandira sabata yomaliza ya mwezi uno, nthawi ya kalasi.